ZA PAMSEWU: Msana wa Anganga ndi Thumba la Amalume

Mvula ikatha ndipo mpunga ukalowa m'nyumba, mabanja ambiri a m'mbali mwa nyanja amakhala pa kalikiliki wa maulendo. Wina akupita ku ukwati ku Nkhotakota, wina akukachingamira mbale wochokera ku Johannesburg pa bwalo la ndege la Kamuzu ku Lumbadzi, winanso akuperekeza kholo lake ku chipatala chachikulu ku Blantyre. Masiku ano banja likakhala ndi ulendo wotere, kawirikawiri limasonkherana ndalama n'kuchita hayala galimoto yaing'ono ija timati saluni, m'malo molimbana ndi minibasi. Maganizo amenewa ndi abwino. Koma funso limene limavuta pa khonde ndi lakuti: titenge galimoto iti, yoti tikafike matupi ali bwino, komanso thumba lisanabooke? Nkhani yathu ya m'kope lino ndi imeneyi, ndipo tiyamba ndi kuulula kupusa kwathu komwe.

Chaka china, mwezi wa Okutobala dzuwa likuswa mtengo, tidaitanidwa ku ukwati wa mchemwali wathu, mwana wa amayi aang'ono amene amakhala ku Nkhotakota. Tidakhala pansi kuno ku Mangochi kukambirana za mayendedwe. Amalume, amene adali osunga thumba, adati: "Tengani kagalimoto kakang'ono kwambiri. Kamangonunkhiza mafuta, sikamwa ayi." Achimwene athu, amene adali ndi chiphaso choyendetsera, adakana: "Iyayi amalume, titenge yaikulu ya masilinda 6, akaone kuti kwabwera anthu." Anganga, amene chiuno chidali chitawavuta kwa zaka zingapo, sadayankhulepo, ndipo palibe amene adawafunsa. Mawu a mwini thumba ndiwo adapambana.

Tidalowamo akuluakulu asanu ndi mwana mmodzi wa pamiyendo. M'buti tidalongedzamo zikwama, mapoto a mphatso ndi dengu la usipa wouma. Pamwamba tidamangirira matiresi ndi thumba la ufa. Tisadafike n'komwe pa mphambano ya ku Monkey Bay, mimba ya galimoto idali itakhula kale pa mahampu atatu. Titadutsa pa Khombedza tayala la m'mbuyo lidaphulika, ndipo titatsitsa katundu yense kuti titulutse la sipeya, tidapeza lilibe mpweya. Achimwene adakwera kabaza, tayala lili pamiyendo, kukasaka wopopa. Tidafika ku Nkhotakota mwambo utatha kale. Anganga, amene ulendo wonse tidaukonzera iwo kuti akaone mdzukulu wawo akulowa m'banja, adangofikira pa mphasa, ndipo adagona masiku awiri osatha kuwongoka.

Pobweza galimoto, mwini wake adagwada pansi n'kuona paipi ya utsi itaphwanyika, motero ndalama ya chikole sadatibwezere. Sitidamuimbe mlandu, pakuti olakwa tidali ife. Titawerengera zonse, kotchipa kaja kadatidyera ndalama zambiri kuposa galimoto imene tidaikana. Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Kuchokera pamenepo tidayamba kufunsa, ndipo zimene tidaphunzira ndi izi.

Kukhala bwino kumachokera kuti?

Saluni zambiri zimene zimachititsidwa hayala m'dziko muno ndi zogwiritsidwapo kale ntchito ku Japan, zobwera kudzera pa madoko monga Dar es Salaam ndi Durban. Zonse zimalembedwa kuti ndi za anthu asanu, koma sizofanana. Chinthu choyamba kuyang'ana ndi mtunda wa pakati pa matayala a kutsogolo ndi a m'mbuyo. Toyota Belta ili ndi mamita 2.55, Corolla Axio mamita 2.6, Premio ndi Allion mamita 2.7, pamene Mark X ili ndi mamita 2.85. Masentimita 10 kapena 15 amaoneka ochepa pa pepala, koma ndiwo malo oika mawondo kwa munthu wokhala kumbuyo, ndipo galimoto yotalikirapo siidumphadumpha kwambiri pa msewu wa zigamba. Pa ulendo wa mphindi 20 kusiyanaku sikumveka. Pa ulendo wa maola asanu msana ndiwo umachitira umboni.

Komabe kukula kokha sikukwanira. Mark X imayendera matayala a m'mbuyo, choncho pansi pa mpando wa kumbuyo pali chulu chachikulu pakati, pamene pamadutsa chitsulo chochokera ku injini. Munthu wokhala pakati amayenda ulendo wonse miyendo ili tang'a. Ngati kumbuyo kudzakhala anthu atatu, galimoto ya pansi posalala ndiyo yabwino.

Chachiwiri ndi matayala. Anyamata amakonda malimu aakulu onyezimira ndi matayala opyapyala m'mbali. Amenewa amakongola pa chithunzi, koma dzenje lililonse amalipititsa molunjika m'chiuno mwa wokwera, ndipo sachedwa kutupa kapena kung'ambika. Tayala lonenepa m'mbali lili ngati pilo pakati pa inu ndi msewu.

Chachitatu ndi kulemera. Saluni zambiri zimatalikirana ndi nthaka masentimita 15 kapena 16 zokha zikakhala zopanda katundu. Pa mapepala a ku Japan munthu mmodzi amawerengedwa kuti amalemera makilogalamu 55, ndiye kuti anthu asanu ndi makilogalamu 275. Ife akuluakulu asanu a makilogalamu 70 aliyense takwana kale 350, thumba la ufa la makilogalamu 50 lisanakwere. Galimoto ikalemedwa imatsika, masipuling'i amasowa poseweretsa, mabuleki amachedwa kugwira, ndipo matayala amatentha. N'chifukwa chake tayala lathu lija lidaphulika. Katundu wolemera mutsogozeni pa basi kapena pa lole. Ndalama imeneyo ndi yochepa poyerekeza ndi ya tayala.

Musanapereke ndalama, tengani munthu wamkulu amene adzakhale pa ulendowo akayese yekha kulowa, kukhala ndi kutuluka. Kanikizani ngodya ya galimoto ndi manja n'kusiya: ikangokwera n'kukhazikika, mashoko ali bwino, koma ikapitiriza kuvina, atha. Yatsani makina oziziritsa mpweya muone ngati akuziziradi. Onetsetsani kuti malamba onse asanu alipo ndipo akumanga. Mwana wa pamiyendo alibe lamba, ndipo pa ngozi palibe mikono ya mayi imene ingathe kumugwira. Anthu akaposa asanu, saluni si galimoto yanu.

Masamu a mafuta

Tsopano titenge pensulo. Kuchoka ku Mangochi kudzera mu msewu wa M10 mpaka ku Golomoti, kenako M5 kudutsa Mua, Chipoka ndi Salima mpaka ku Nkhotakota, ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 300. Kupita ndi kubwerera ndi 600. Pa msewu wautali, saluni ya injini ya malita 1.5 imene ili bwino imayenda makilomita 15 kapena kuyandikira pamenepo pa lita imodzi ya petulo. Ya malita 1.8 imayenda pafupifupi 13, ndipo ya malita 2.5 pafupifupi 10. Tikagawa 600 ndi manambala amenewa tipeza malita 40, malita 46 ndi malita 60. Taonani bwino apa: kuchoka pa yaing'ono kupita pa yapakati mwawonjezera malita 6 okha, koma kuchoka pa yaing'ono kupita pa yaikulu mwawonjezera malita 20. Malita 6 ndi mtengo woyenera kulipirira msana wa kholo. Malita 20 ndi mtengo wa kudzionetsera.

Nanga kagalimoto ka injini ya lita imodzi? Kamasunga mafuta m'tauni kakanyamula anthu awiri. Kakadzaza anthu ndi katundu, dalaivala amakakamizika kuponda kwambiri pa chitunda chilichonse ndi podutsa lole iliyonse, ndipo phindu lija limasungunuka. Pa ulendo wa banja, injini ya pakati pa malita 1.5 ndi 1.8 ndiyo imagwirizanitsa amalume ndi anganga.

Onaninso kukula kwa thanki. Ya Axio ya mtundu watsopanowo imalowa malita 42, ya Premio malita 60. Mwa masamu athu aja, yoyamba ingayende makilomita 630 ndipo yachiwiri 780 osamwetsanso. Amene adagona pa mizere ya mafuta mu 2022 ndi mu 2024 akudziwa kuti thanki yaikulu yodzaza ndi mtendere wa mumtima. Lamulo lathu ndi lakuti singano ikafika pa theka, timamwetsa pa malo oyamba amene tapeza mafuta. Kunyamula petulo m'zigubu m'buti, pa kutentha kwa kunyanja, ndi kuyenda ndi moto kumsana. Mafuta a m'mabotolo a m'mbali mwa msewu nawonso amatha kukhala osakanizidwa ndi zina, ndipo injini ikawonongeka ya mwini wake, wolipira ndinu.

Pa makilomita a ulendo wonjezeranipo 100. Galimoto ikangofika pa ukwati imasanduka ya mudzi wonse: uyu akufuna kukatenga nkhuni, uyu apongozi atsala pa siteji, uyu waiwala nsalu kwa telala. Kukana n'kovuta, choncho ndi bwino kuwerengeratu.

Mwini galimoto akakuuzani manambala a m'buku la ku Japan, musawakhulupirire msanga. Amenewo amapezeka poyesa galimoto yatsopano m'nyumba yoyesera, popanda maenje, mbuzi kapena matumba a mpunga. Komanso petulo wa kuno amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku zotsalira za nzimbe, ntchito imene idayamba ku Dwangwa mu 1982. Zimenezi zimathandiza dziko kuchepetsa mafuta ogula kunja, koma lita ya ethanol ili ndi mphamvu yokwana pafupifupi magawo awiri mwa atatu a lita ya petulo, kotero makilomita amatsikako pang'ono. Njira yodziwira zoona ndi imodzi: dzazani thanki mpaka pampu itadzizimitsa yokha, lembani nambala ya makilomita, yendani, dzazaninso, kenako gawani makilomita amene mwayenda ndi malita amene alowa.

Za galimoto zija za hybrid, zoyendera petulo ndi batire, monga Prius imene idayamba mu 1997 kapena Axio ya mtundu umenewu imene idatuluka mu 2013, tinene kuti zimasungadi mafuta, makamaka m'tauni momwe mumaimaima. Pa msewu wautali kusiyana kumachepa, ndipo batire ikakhala yokalamba phindu limachepanso. Ngati mtengo wa hayala uli wofanana, itengeni. Ngati uli wokwera kwambiri, bwererani ku pensulo.

Tikulangizanso kuti bajeti muziiwerengera m'malita, osati m'makwacha. Mtengo wa mafuta umalengezedwa ndi bungwe la MERA ndipo umatha kusintha usiku umodzi. Mu Novembala 2023, ndalama ya kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, lita ya petulo idachoka pa K1,746 kufika pa K2,530. Banja limene lidasonkha ndalama sabata imodzi m'mbuyo lidapezeka litaperewera. Dziwani malita anu, ndipo dzulo la ulendo muwachulukitse ndi mtengo wa tsikulo. Ngati mudzadutsa mu M1, kumbukiraninso ndalama ya pa zipata za Chingeni ndi Kalinyeke.

Phazi la dalaivala

Galimoto imodzi yomweyo imamwa mosiyana malinga ndi amene wakhala pa chiwongolero. Mdani wamkulu ndi mphepo. Aliyense amene adapalasapo bwato moyang'anana ndi mwera akudziwa kuti mphepo ndi khoma. Liwiro likawirikiza kawiri, kukana kwa mphepo kumawirikiza kanayi. Pa liwiro la makilomita 120 pa ola, galimoto imalimbana ndi mphepo yoposa kawiri ya pa liwiro la 80. Nanga phindu lake n'chiyani? Makilomita 100 pa liwiro la 100 amatenga mphindi 60, pa liwiro la 120 amatenga mphindi 50. Mphindi 10 zimenezo zimathera pa chipata choyamba cha apolisi, koma mafuta apita kale. Mtunda woimira nawo umakula chimodzimodzi, ndipo msewu wa kunyanja ndi wa njinga, ana a sukulu ndi mbuzi. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Tsatani zikwangwani za liwiro, nyamukani pang'onopang'ono, ndipo mukaona hampu patsogolo chotsani phazi msanga m'malo mothamanga n'kudzaponda buleki pafupi.

Mpweya wa m'matayala uyezedwe m'mawa matayala asanatenthe. Muyeso wake walembedwa pa kachikwangwani ka pa mphuthu ya chitseko cha dalaivala. Tayala lofewa limakoka mafuta ndiponso limatentha mpaka kuphulika. La sipeya musaliiwale monga tidachitira ife.

Katundu wa pamwamba amagwira mphepo ngati thanga la bwato, kungoti thanga limeneli limakubwezani m'mbuyo. Matiresi amodzi omangidwa padenga amatha kufafaniza phindu lonse la injini yaing'ono.

Pa za makina oziziritsa mpweya pamakhala mkangano m'galimoto iliyonse. Zoona zake n'zakuti amamwadi mafuta. M'tauni, poyenda pang'onopang'ono, kutsegula mawindo n'kotchipa. Koma pa liwiro la msewu wautali mawindo otsegula nawonso amakoka mphepo, ndipo kusiyana kumakhala kochepa. Mu Okutobala, muli ndi nkhalamba ndi makanda, yatsani. Lita imodzi kapena ziwiri sizingafanane ndi munthu wokomoka ndi kutentha. Ndipo mukaima, musasiye mwana m'galimoto yotseka ngakhale kwa mphindi zochepa.

Pali chizolowezi china choopsa: kuchotsa giya potsetsereka poganiza kuti mukusunga mafuta. Pa mapiri ngati Khwekhwerere kapena Chiweta chimenechi ndi chiphaso cha ku manda. Mabuleki akagwira okha ntchito kwa nthawi yaitali amatentha n'kuleka kugwira. Chodabwitsa n'chakuti injini za makono zimadula zokha mafuta mukachotsa phazi galimoto ili m'giya, pamene ikakhala yopanda giya imapitiriza kumwa kuti isazime. Tsikani phiri ndi giya yotsika, ngakhale pa galimoto ya otomatiki.

Musanasaine

Mgwirizano ulembedwe, ngakhale mwini galimoto ali mnansi wanu. Pepala silidanitsa anthu, chimene chimadanitsa ndi "ndimayesa munati". Funsani izi: kodi mtengo wa tsiku uli ndi malire a makilomita, ndipo mukapitirira mulipira zingati pa kilomita? Tsiku likuyamba ndi kutha nthawi yanji? Chikole ndi zingati, ndipo chimadulidwa pa zifukwa ziti? Galimoto ikafa panjira popanda kulakwa kwanu, adzakutumizirani ina kapena adzabweza ndalama?

Za inshulansi funsani mosachita manyazi. Ilipo yongoteteza anthu ena amene mungawapweteke, ndipo ilipo yoteteza ndi galimoto yomwe. Ngakhale yachiwiriyi imakhala ndi gawo loyamba la ndalama limene wobwereka amalipira yekha pakachitika ngozi, choncho dziwani kuti ndi zingati. Funsaninso ngati inshulansiyo ikuloleza kuchititsa hayala, pakuti ya galimoto ya pakhomo ikhoza kukana kulipira ikadziwa kuti galimoto idali pa malonda. Onani masiku a pa zomata za pa galasi, ya inshulansi ndi ya COF, kuti sadzatha muli panjira.

Za mafuta pangano labwino ndi lakuti mwaitenga yodzaza, mudzaibweza yodzaza. Pangano la "ili pa kota" limabala mikangano, chifukwa singano ya thanki siyeza molondola.

Zungulirani galimoto pamodzi ndi mwini wake, mujambule ndi foni paliponse pamene pali chilema, nambala ya makilomita ndi singano ya mafuta. Onani jeke, sipanala ya matayala ndi zikwangwani zofiira za ngodya zitatu. M'mbali mwa tayala lililonse muli manambala anayi osonyeza sabata ndi chaka chimene lidapangidwa: 2319 ndiye kuti sabata ya 23 ya chaka cha 2019. Tayala lakale limatha kuoneka la mano abwino pamene mphira wake wauma. Pomaliza, woyendetsa akhale yekhayo amene walembedwa pa pepala. Ngati m'banja mulibe wozolowera maulendo aatali, tengani galimoto pamodzi ndi dalaivala wake, ndipo muwerengere chakudya ndi malo ake ogona. Nyengo ya mvula, funsani kaye za milatho kwa amene adutsako dzulo lake, pakuti namondwe Freddy mu Malichi 2023 adatiphunzitsa kuti msewu umatha kuduka usiku umodzi.

Ulendo wachiwiri

Patatha chaka ndi miyezi, mchemwali uja adabereka mwana, ndipo tidakhalanso pa khonde lomwe lija. Ulendo uno amalume adayamba ndi kufunsa: "Amayi, kodi inu mukuti tiyende bwanji?" Anganga adayankha kuti: "Ine za mainjini sindizidziwa, ana anga. Ndingofuna ndikafike ndikutha kuimirira." Tidatenga saluni yapakati, ndipo tidakwera anthu anayi okha. Ufa tidautsogoza pa basi. Anganga adakhala kutsogolo, kapilo kali m'chiuno, lamba atamanga. Tidanyamuka kutangocha kuti tidutse chigwa dzuwa lisanakwiye. Tidapuma pa Golomoti ndi pa Salima, maola awiri aliwonse, aliyense n'kutsika kuwongola miyendo ndi kumwa madzi. Kupuma kotereku n'kofunika kwambiri kwa dalaivala, chifukwa tulo ta pa chiwongolero sitiodira. Pa mlatho wa Chia tidagula nsomba n'kuzimangirira pa galasi la m'mbali monga mwa mwambo wa apaulendo, ndipo nthawi ya swala ya masana idatipeza tili kale ku Nkhotakota.

Anganga adatsika okha, adayenda okha mpaka pa khonde, ndipo adalandira mwana wa mdzukulu wawo ataimirira. Pobwerera amalume adawerenga malisiti a mafuta kawiri konse, kenako adapinda n'kuika m'thumba osanena kanthu. Chikole chidabwezedwa chonse.

Ngati banja lanu lili ndi ulendo m'miyezi ikubwerayi, khalani pansi ndi pensulo, muwerenge anthu, katundu, makilomita ndi malita, ndipo woyamba kufunsidwa akhale wofooka kwambiri mwa onse okwera. Amene muli ndi zimene mudakumana nazo pa hayala, tilembereni kuti anzathu aphunzirepo. Yendani bwino, ndipo Mulungu akalola tidzakumananso m'kope lotsatira.